Fabiano, Usapereke Makiyi Ndalama Zisanalowe M'buku

Chirimba,
Lamulungu madzulo.

Mwana wanga Fabiano,

Ndikukulembera kalata ngakhale uli pompano, ndikukumva ukutsuka vani kuseri kwa nyumba. Mwina udabwa kuti bwanji osangokuitana n'kukhala nawe pansi. Ndayesa sabata yonseyi. Ndikangoyamba, iwe umati, "Ndamva, ababa," ndisanafike ndi pakati pomwe pa nkhani, maso ali kumsewu. Sindikukudzudzula ayi, ulendo wakulowa m'mutu. N'chifukwa chake ndati ndilembe, kuti ukawerenge uli wekha ku Halale, phuma litatha. Uipinde bwino, uiike m'buku la galimoto.

Mawa m'bandakucha unyamuka, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, kuwoloka Zambezi pa pantoni, mpaka kukafika kumene akukudikira pa ntchito ya ukalaliki ku fakitale ya mipando ija. Za msewu sindikuda nazo nkhawa kwambiri. Kuyendetsa ndinakuphunzitsa ndekha, tayala umadziwa kusintha, ndipo injini ndaimasula n'kuimanganso mwezi wathawu. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi tsiku limene udzagulitse vaniyo. Tinagwirizana kuti ikakufikitsa uigulitse komweko, poti ogula ndi ambiri ndipo mtengo uposa wa ku Limbe kuno. Koma udziwe kuti imeneyi ndi yotsiriza. Msana sukundilolanso kugona pansi pa galimoto, ndipo kabawuti kakagwa ndimachita kufufuza ndi manja, maso saonanso. Eni galaja andiuza mwaulemu kuti ndifike nawo mpaka Khirisimasi basi. Sindidzakonzanso ina. M'vani imeneyo muli fizi ya mlongo wako Lusiya ya ku sukulu ya uphunzitsi, muli malata a chipinda chodontha chija, mulinso kako koyambira moyo kumeneko. Ikapita chabe, palibe pena pogwira.

Pa moyo wanga ndagulitsa magalimoto angapo, onse otola kuseri kwa galaja, okonza ndekha ntchito ya abwana ikatha. Kukonza sikunandivutepo. Chimene chinandikalambitsa ndi kulandira ndalama zake. Zina mwa nkhanizi unazimva zidutswazidutswa uli mwana, tsopano uzimve zathunthu.

Galimoto yoyamba ndinaigula iwe uli kumsana kwa mayi ako, tikukhala m'kanyumba ka lendi ku Limbe. Inali chigoba chabe, nkhuku zinkaikira mazira m'kati. Ndinaikonza kupitirira chaka, kachitsulo kamodzikamodzi, mpaka inalira bwino moti anzanga a pagalaja ankasiya ntchito kudzaimvetsera. Ndinalemba pa katoni kuti ikugulitsidwa, n'kupachika pa galasi. Loweruka lina masana, tili pafupi kuweruka, kunabwera mzungu wamikono yopsa ndi dzuwa. Anati ndi kapitawo wa ntchito ya misewu ndipo akugona ku hotela ina m'tauni. Anatsegula boneti, anaona zonse, anayamikira ntchito yanga. Injini ankaidziwadi. Nditatchula mtengo sananenerere ngakhale sheleni imodzi, ine mtima unangoti phee, kuganiza kuti ndachita mwayi. Lero ndikudziwa kuti munthu amene akufunadi kulipira amanenerera, chifukwa ndalamayo ikumupweteka. Uyu siinkamupweteka. Anatulutsa buku la macheke, analemba atatsamira pa boneti, n'kundipatsa.

"Iwe pita banki Lolemba, iwe tenga ndalama," anatero m'Chinyanja chawo chija.

Ine ndinati, "Bwana, bwanji mubwere Lolemba lomwelo tipitire limodzi? Galimoto ndikusungirani."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Iwe ganiza ine wakuba?"

Anzanga anaweramira pansi, mwini galaja ali pakhomo la ofesi kundiyang'ana, poti mzunguyo akanatha kukadandaula kuti antchito ake ndi achipongwe. Ndinapisa m'thumba, n'kumupatsa makiyi, ndipo ndinachita kumuthokoza.

Lolemba ndinapita ku banki, n'kukaima pa kawindo kam'mbali kamene ife anthu akuda tinkaimapo. Kalaliki analowa nacho chekecho m'kati, anakhalitsa, pobwera chinali chitalembedwa ndi inki yofiira. Anandiuza chapansipansi kuti, "Bambo, mwini wake alibe kanthu muno, ndipo inu si oyamba." Ku hotela anati anachoka Lamulungu. Ku polisi anandifunsa ngati panali pepala la mgwirizano kapena mboni yosayina. Panalibe. Analemba dzina langa, n'kuti mwina munthuyo ali ku Bulawayo tsopano, ndizipita adzandiitana. Mpaka lero ndikudikirabe. Nditafika kunyumba mayi ako sanakalipe. Anangokutsitsa kumsana, n'kukhala pa mphasa, n'kuti, "Chaka chonse mumabwera mdima utagwa, manja ali bii, ine n'kumati tikumanga nyumba yathu. Kani tinkakonzera mzungu." M'malo mwa mawu amenewo ndikanakonda akanandimenya ndi mthiko.

Tsono mva, Fabiano. Cheke si ndalama. Ndi lonjezo lolembedwa pa pepala lokongola, ndipo wina aliyense angathe kulonjeza. Kumene ukupitako azungu ndi ambiri kuposa kuno, ndipo ndi aukali kuposa a ku Nyambadwe. Ndinaona ndekha kumeneko pamene ndinkayendetsa lole. Wina adzabwera, adzakukweza mawu, adzakuchititsa manyazi pagulu kuti upereke msanga. Usakangane naye, ungakagone m'chitokosi. Vula chipewa, nena "bwana" kangati konse kamene akufuna, koma makiyi akhale m'thumba mwako. Unamizire ine. Uziti, "Galimotoyi si yanga, ndi ya bambo anga, anandiletsa kupereka ndisanalandire ndalama." Ine ndili kutali, sangandipeze. Akaumirira za cheke, umuuze kuti mukumane m'mawa pa banki yake, akasinthe yekha chekecho, akupatse ndalama zenizeni pomwepo. Munthu woona mtima sataya kanthu podikira usiku umodzi. Ndipo usagulitse Loweruka masana kapena tsiku loti mawa lake ndi holide, mabanki atatseka. Anthu otere amasankha dala nthawi imeneyo. Akakuuza kuti ali pa changu, sitima ikumusiya, umulole apite. Makiyi asachoke m'thumba mwako ndalama zisanalowe m'buku lako losungira ndalama.

Wogula wachiwiri sanali mlendo, ndipo nkhani yake ndi imene imandilemera kwambiri. Anali a Kaliwo, atate ako a ubatizo. Ukuwakumbukira, aatali aja, oimba besi m'kwaya, amene ankakubweretsera nzimbe. Nthawi imeneyo tinali titasamukira kuno ku Chirimba, ndipo ndinali nditakonza kalole kakang'ono. Iwo ankafuna kuyamba kunyamula nkhuni ndi njerwa. Anabwera ndi akazi awo Misa itatha, tinadya limodzi, kenaka anati, "Achimwene, kaloleka musagulitse kwa anthu akunja ife tilipo. Lero ndikupatsani zimene ndili nazo, zotsalazo ndizipereka pakutha pa mwezi uliwonse." Mayi ako anandiitanira kukhitchini ngati akufuna ndiwathandize kanthu, n'kundinong'oneza kuti, "Lembani kapepala." Ine ndinati, "Munthu amene anagwira mwana wanga pa ubatizo ndimusayinitse pepala ngati wakuba?" Iwo anati, "Chabwino, ndinu eni ake," n'kupitiriza kutsuka mbale.

Miyezi yoyamba a Kaliwo ankabweretsa okha ndalama, osachita kuwakumbutsa. Sindikhulupirira kuti anabwera ndi mtima woti andibere. Koma tsiku lina anadzaza njerwa mopitirira, ekiselo inathyoka pa chitunda cha msewu wa ku Thyolo, kalole kanagona m'ngalande. Kuyambira pamenepo mwezi unkatha osawaona. Nditapita kwawo ananditulutsira mpando panja, osati m'nyumba monga kale.

"Achimwene," anatero, "munandigulitsa chinthu chodwala. Inu ndinu makanika, munkadziwa."

"Njerwa zija zinali za malole awiri," ndinawayankha.

"Ndiye ndilipire chitsulo chimene chili m'ngalande? Ana anga adye chiyani?"

Tinapita kwa akuluakulu a mpingo. Iwo anafunsa kuti munagwirizana zingati, zatsala zingati. Ine ndinatchula zanga, a Kaliwo anatchula zawo, ndipo zinasiyana. Popanda pepala, akuluakulu anangoti tikhululukirane monga Akhristu. Tinagwirana chanza pamaso pawo, koma kuyambira tsiku limenelo iwo ankakhala mbali ina ya tchalitchi, ine mbali ina. Iwe unandifunsa kangapo kuti bwanji atate a ubatizo sakubweranso ndi nzimbe, ine n'kumati atanganidwa. Zaka zinapita choncho. Atamwalira ndinanyamula nawo bokosi, ndipo njira yonse yopita kumanda ndinkangoganiza kuti kapepala kamodzi, kapena mawu amodzi oti "ayi" tsiku lija, bwenzi tikuyendabe limodzi mpaka mapeto. Ndalama zija ndinaziiwala kalekale. Munthuyo sindinamuiwale.

Ku Halale anthu akwathu ndi ambiri, ndipo adzakupeza. Adzakulonjera m'Chinyanja, ena m'Chilomwe cha agogo ako, adzakutcha mphwawo, adzafunsa za ku Mulanje ndi za mayi ako. Uwalemekeze, udye nawo, ndi amene adzakuthandize ukadwala. Koma wina akadzati, "Theka lero, theka pakutha pa mwezi," ukane mofatsa. Vaniyo ndi yakale. Ikachoka m'manja mwako idzathyoka penapake, lero kapena mawa, ndipo tsiku limenelo ngongole idzasanduka mlandu. Kuli bwino utsitse mtengo ndi mapaundi angapo ulandire zonse tsiku limodzi, kusiyana ndi kuyenda m'makomo mwa anthu kupempha zako zomwe. Ndikukuloleza kutsitsa, usaope kuti ndidzakwiya. Wina akafuna kupereka chikole kuti umusungire, landira, umulembere lisiti, mutchule tsiku limene adzamalize, koma vani igone kwa iwe. Usamubwereke ngakhale kuti akaonetse mkazi wake. Makiyi m'thumba mwako, Fabiano.

Pa galimoto yachitatu ndinalandira ndalama zonse, osapereweza kobiri, komabe ndi imene inandigoneka pa simenti. Wogula anali Che Saidi, Myao wogulitsa nsomba za ku Chilwa mu msika wa Limbe. Munthu wachilungamo ngati ameneyo sindinamuonepo. Ananenerera mpaka tonse tinatopa, kenaka anamasula kansalu, n'kuwerenga ndalama zonunkha matemba patebulo la m'tiyirumu. Ine kusangalala, ndinamupatsa makiyi ndi buku la galimoto, n'kuti, "Dzina mukasinthe nokha ku boma." Iye anati, "Mawa lomwe." Mawa lakelo anapita kunyanja kukapikula nsomba, nkhani ya dzina inaiwalika. Patapita miyezi anagulitsa galimotoyo kwa munthu wina, nayenso osasintha. M'mabuku a boma mwini wake ndinali ine.

Iwe unali ku sukulu ku Zomba, tinakubisira zambiri. Inali nthawi ija asilikali anadzaza m'misewu, anthu akutengedwa m'makomo, aliyense akuyenda mogwira mtima. Galimotoyo inagunda munthu wa panjinga pa msewu wa ku Chiradzulu, woyendetsa n'kuthawa. Wina anawerenga nambala. Apolisi atatsegula buku anapeza dzina langa ndi mudzi wanga, ndipo anadzanditenga ndili ndi sopo kumaso. Ndinawauza kuti ndinagulitsa. Anati, "Pepala lili kuti?" Funso lomwe lija. Anandifunsanso kuti galimoto yanga inkatani kumeneko masiku oterowo, inkanyamula ndani, misonkhano ya ndani. Apa ndinazindikira kuti nkhani ingathe kukula kuposa ngozi.

Amene ananditulutsa ndi mayi ako. Tsiku lililonse ankayenda kuchoka kuno mpaka ku Limbe, Lusiya ali pambuyo, kufunsa m'mabenchi a nsomba kuti Che Saidi ali kuti. Anthu ankaopa kuyankha, poganiza kuti atumidwa. Mayi wina wogulitsa mchere ndiye anawamvera chisoni, n'kuwauza tsiku limene amabwera kuchokera kunyanja. Atamupeza, Che Saidi anasiya madengu ake osamasula, anavala mkanjo woyera, n'kupita nawo ku polisi. Akuti anangoti, "Galimoto ndinagula ine, ndinagulitsa kwa uje wa ku Namadzi. Bamboyu mwamusunga chabe." Akanakhala munthu wina akanakana, poti nayenso akanatha kutsekeredwa. Ndinatuluka, koma msana umene ukundichotsa ntchito lerowu unayambira pa simenti imeneyo.

Choncho usaganize kuti ndalama zikalowa m'manja ndiye kuti zatha. Tsiku lomwelo, iwe ndi wogula mupite limodzi ku ofesi ya malaisensi mukasinthe dzina, uone ndi maso ako kalaliki akulemba. Akakuuza kuti adzapita yekha mawa, ngakhale akhale woyera mtima ngati Che Saidi, uti, "Tiyeni lero." Mulembe mapepala awiri ofanana: dzina lako, dzina lake monga lilili pa chitupa chake, osati limene akuuze pakamwa, kumene amakhala, nambala ya vani, nambala ya injini, mtengo, tsiku. Mulembenso kuti waiona, waiyesa, waitenga monga iliri. Musayine nonse pa sitampa, mboni isayinenso. Limodzi atenge iye, lina usunge iwe mpaka ukalamba. Umuuze zoona za vaniyo: giya yachiwiri imadumpha pa chitunda, ndipo rediyeta imafuna madzi pafupipafupi. Ukabisa, adzabweranso ndi anzake.

Ndatopa, koma ndikuuzenso imodzi imene inayenda bwino, kuti usaganize kuti bambo ako anangopusitsidwa moyo wonse. Yotsiriza ndisanagule vaniyi ndinagulitsa kwa mphunzitsi wina wa ku Soche. M'mawa wa tsikulo ndinapeza mayi ako atavala kale za ulendo. Anati, "Lero ndipita nawo. Patseni makiyiwo." Anawamanga pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri. Anauza mphunzitsiyo kuti tikumane ku positi ofesi dzuwa lili pamutu. Kumeneko iwo anakhala pa benchi, ine ndi mphunzitsi tinaima pa mzere. Iye anapereka ndalama pa kauntala, kalaliki anawerenga yekha, anayang'ana pepala lililonse, analemba m'buku langa losungira ndalama, n'kudinda. Ndinapita nalo bukulo kwa mayi ako. Iwo kuwerenga sadziwa kwenikweni, koma chidindo amachidziwa. Anayamba kumasula mfundo pang'onopang'ono.

Mphunzitsi anaseka, n'kuti, "Amayi, kodi simunandikhulupirire?"

Iwo anati, "Ndinakukhulupirirani, aphunzitsi. Koma mfundoyi ndi yolimba, imatenga nthawi."

Tinachoka pamenepo kupita kukasintha dzina, kenaka mphunzitsiyo anatiperekeza pa galimoto yake yatsopanoyo mpaka pakhomo. Mpaka lero tikakumana timalonjerana bwino.

Uchite chomwecho. Ukangofika, sabata yoyamba, utsegule buku ku positi, usanauze munthu aliyense kuti vani ikugulitsidwa. Chabwino chokha chimene ndachiona pa Chitaganya cha maiko atatuchi n'chakuti ndalama ya uko ndi ya kuno ndi imodzi, sudzavutika kusintha. Malo olandirira ndalama akhale pa kauntala, masana, anthu akuona. Osati ku chipinda chako, osati kwa iye, osati m'bala, osati m'vani momwemo magalasi atatseka. Pa kauntala kalaliki amadziwa ndalama yachinyengo, iwe sudziwa. Ndiponso suyenda nazo m'thumba ngakhale pang'ono, poti amene wakupatsa ndalama ndi amene akudziwa kuti uli nazo, ndipo angathe kukhala ndi anzake pa kona. Upite ndi amalume ako a Matiyasi. Ndi okalamba ndipo amalankhula kwambiri, koma akhala kumeneko zaka zambiri, Chishona amachimva, nkhope za akathyali a m'tauni amazidziwa. Apemphe tsiku ku ntchito, ndawalembera kale.

Zikavuta kuti uwerenge wekha, werenga pepala limodzilimodzi, ngakhale iye atawerenga kale pamaso pako. Usachite manyazi kuti akuona ngati wakumudzi. Akatenganso mpukutuwo kuti awonjezere kapena aumange bwino, yambiranso poyamba. Mnzanga wina wa pagalaja anafika kunyumba ndi mpukutu wa ndalama pamwamba ndi pansi, pakati pali nyuzipepala yodula bwinobwino, chonsecho anawerenga yekha. Wogula anamusinthira mpukutuwo pa nthawi youmanga ndi lamba. Wogula akafuna kuyesa vani, ukwere naye, a Matiyasi akhale kumbuyo. Posinthana mipando uzimitse injini, utsike ndi makiyi m'manja. Ndipo zikatha, akakuitanira botolo loti musangalale, uti uli ndi ntchito. Anzako ogona nawo asadziwe mtengo. Akafunsa, uti zonse zapita kwa bambo.

Potumiza kuno usapatsire munthu, ngakhale wa mpingo wathu amene akubwera pa basi. Sindikuti adzaba. Ndikuti njira ndi yaitali, mavuto ake ndi ambiri, ndipo sindikufuna kudzakhalanso mbali ina ya tchalitchi ndi munthu. Ugule mapositala oda m'dzina la mayi ako, utumize pa kalata ya lejisitala, tizidutswa take usunge. Za Lusiya zibwere poyamba, sukulu sidikira. Za malata zingathe kudikira mpaka mvula itayandikira. Zako utengepo monga tinanenera, ugule bulangete labwino ndi nsapato, kumeneko kumazizira kuposa kuno.

Pali china chimene ndikufuna uchimvetse, chifukwa ndikukudziwa, uli ndi mtima wa mayi ako, sugonja. Zonse ndanenazi ndi za munthu wobwera ndi mawu okoma. Akabwera ndi mpeni, mupatse. Makiyi, buku, jekete, chilichonse. Usalimbane naye poganiza za fizi ya Lusiya kapena za msana wanga. Vaniyo ndinaitola kuseri kwa galaja. Iwe sindinakutole.

Tsopano ndikuuze za Andireya, mkulu wanga, amene sunamuonepo. Makolo athu atawoloka kuchoka kwa Apwitikizi anakhala pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo Andireya ndiye anali woyamba kupita ku Halale. Ankalemba makalata, ankatumiza kangachepe. Atagwira ntchito zaka zingapo analemba kuti akubwera, wasunga ndalama zogulira amayi athu makina osokera. Amayi anauza mudzi wonse. Tsiku limene ananena linafika, iye osaoneka. Makalata analeka. Patapita zaka, ndili pa ulendo wa lole, ndinamufunafuna mpaka ndinamupeza m'komboni ina, akusoka nsapato pansi pa mtengo. Anandiuza kuti kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke anagulitsa njinga yake ndi katundu wa m'nyumba, ndipo anthu amene anagulawo anamutsatira pa siteshoni, n'kumulanda zonse, za njinga ndi za makina zomwe.

Ndinati, "Tiyeni, lole ili apo, malo alipo."

Iye anati, "Ndikafike chimanjamanja, mudzi wonse ukudikira makina? Pita, ndibwera ndikapezanso."

Ndinakauza amayi zonse. Iwo anati, "Makina a chiyani? Ndani anamuuza kuti ndikufuna makina? Kamutenge." Ulendo wotsatira ndinapeza atasamuka, ndipo palibe amene ankadziwa kumene analowera. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Lole iliyonse ikaima pamsewu wa esiteti ankatuluka m'nyumba, dzanja lili pamphumi. Anamwalira akutulukabe.

Ndiye mwana wanga, ukhoza kutsata zonse ndalembazi n'kupusitsidwabe. Anthu amenewa amaganiza usana ndi usiku, iwe uli ndi zaka zochepa, ndipo ine amene ndikukulangiza wandiona mmene anandichitira. Zikatero, ulembe kalata tsiku lomwelo. Usadikire kuti upezenso kaye. Ine ndidzakwiya masiku awiri, mayi ako adzakhala pa mphasa monga tsiku lija, Lusiya adzadikira chaka china, chipinda chidzadontha monga chimadonthera. Zonsezo tinaziona kale ndipo tili moyo. Chimene sindingathe n'kuona mayi ako akutuluka m'nyumba galimoto iliyonse ikaima pamsewu. Ulembe, ngakhale mizere iwiri, ngakhale yoipa.

Mulungu akutsogolere pa njira, akusunge pakati pa alendo.

Ndine bambo wako,
Pasikale